Maimelo a kuntchito akulowa, koma sakutuluka ndikakhala kunyumba

Nabanda: Mwaswera bwanji abale. Pepani kuti ndikubweretsa za kuntchito pa gulu la kwathu, koma ndathedwa nzeru, ndipo ndikudziwa kuti pano pali odziwa makompyuta. Mwana wanga wamng'ono wagwidwa ndi malungo, tinali naye ku kiliniki dzulo, ndiye abwana andilola kugwirira ntchito kunyumba kuno ku Chelstone, mu Lusaka, mpaka Lachisanu. Ndabwera ndi laputopu ya ku ofesi. Maimelo akulowa bwinobwino mu Outlook, ngakhale panopa yalowa ina. Koma ndikalemba yanga n'kudina Send, ikungokakhala mu Outbox. Kuyambira m'mawa aunjikana 7. Imodzi ndi invoisi ya kasitomala wathu wa ku Kitwe, amene ananena kuti ikapanda kufika mawa 12:00 isanakwane, malipiro athu adzadikira mwezi wamawa. Laputopu yomweyi ku ofesi imatumiza popanda chovuta. Intaneti ndili nayo, ndili ndi karauta kam'manja ndipo bandulo ndagula dzulo lomweli.

Bambo a Chikondi: Pepani ndi matenda a mwana, Nabanda. Akudya koma? A Phiri, ngati muli pafupi ndi foni, bwerani kuno, nkhani iyi ndi yanu.

Nabanda: Wayamba kumwa phala pang'ono, zikomo atsibweni. Thupi latsikako kutentha.

Mwale: Achemwali, manje bwanji osangotumiza ndi Gmail yanu ya pa foni? Mphindi ziwiri chabe yafika ku Kitwe. Za Outlook mudzakonza mukabwerera ku ofesi.

Nabanda: Ndaganizako zimenezo achimwene, ndipo ndatsala pang'ono kuchita.

A Zulu: Musatero, Nabanda, ndapota nanu. Ine ndimagwira ntchito yolipira ma invoisi pa kampani yathu kuno ku Lumumba Road, ndipo invoisi ikabwera kuchokera ku adiresi ya Gmail ya munthu pomwe masiku onse imachokera ku adiresi ya kampani, sindiilipira. Ndimaiika pambali n'kuyamba kuimba mafoni. Chifukwa chake n'chakuti mbava zimachita ndendende chimenecho: zimatenga invoisi yeniyeni, kusintha nambala ya akaunti ya ku banki, n'kuitumiza ndi adiresi yofanana ndi ya munthu amene timamudziwa, ndi mawu akuti "lero ndili kunyumba, imelo ya kuntchito yavuta." Mawu omwewo amene inu mungalembe ndi mtima woyera. Kampani ina imene timagula nayo zinthu inatayapo ndalama zambiri njira imeneyi. A ku Kitwe aja akakhala osamala, invoisi yanu aiimitsa, ndiye mwachedwa kawiri.

Mwale: Koma ba Zulu, akhoza kuwaimbira foni n'kuwauza kuti ndine amene ndatumiza.

A Zulu: Akhoza, koma amene amayankha foni si amene amavomereza malipiro. Pepala likalowa m'faelo, amene adzaliona ndi wina, ndipo iye adzangoona adiresi.

A Phiri: Ndafika. Pepani ndinali mu minibasi kuchokera ku Kulima Tower, sindikanatha kulemba. Nabanda, musade nkhawa, vuto ili ndi lakale kwambiri ndipo nthawi zambiri limatha ndi kusintha zinthu zitatu zokha. Poyamba ndiuzeni: pansi pa Outlook kudzanja lamanja pakulembedwa kuti Send/Receive error? Ngati pali, dinanipo mundiwerengere zimene zatuluka.

Nabanda: Pali. Pakulembedwa zambiri m'Chingerezi, koma pali nambala iyi: 0x80042109, ndipo akuti Outlook cannot connect to your outgoing SMTP email server.

A Phiri: Chabwino, ndi chomwe ndimaganiza. Ndifotokoze kaye pang'ono kuti mudziwe chimene tikukonza, musamangodina mwakhungu. Imelo ili ndi njira ziwiri zosiyana. Yolandirira ndi ina, imatchedwa IMAP kapena POP. Yotumizira ndi ina, imatchedwa SMTP. Zili ngati ku Intercity: basi imene yakubweretserani thumba la mtedza kuchokera ku Katete siyenera kukhala yomweyo imene itenge katundu wanu wopita kumudzi. Ina ikhoza kufika bwino, ina n'kuwonongeka. Kwa inu yolandirira ili bwino, yotumizira ndiye yatsekeka. Tsopano lowani pa File, kenako Account Settings, mufufuze pamene palembedwa Server Settings. Ngati Outlook yanu ndi yakale, mudina Account Settings kawiri, kusankha adiresi yanu, Change, kenako More Settings. Mundiuze zimene zalembedwa pa Incoming ndi pa Outgoing. Dzina la kampani yanu musalilembe pano, mungondiuza ngati mayina awiriwo akufanana, ndi manambala a port.

Nabanda: Ndapeza, yanga ndi ija ya More Settings. Pa Incoming palembedwa mail kenako dzina la kampani yathu kenako co.zm. Ndi POP, nambala 995. Pa Outgoing sipali dzina lathu ayi. Palembedwa smtp kenako dzina la kampani imene inatiikira intaneti ku ofesi. Nambala 25. Pa encryption palembedwa None.

A Phiri: Basi, nthenda tayipeza. Amene anakuikirani imeloyo anauza laputopu kuti potumiza izidutsira pa seva (kompyuta yaikulu yonyamula maimelo) ya kampani ya intaneti ya ku ofesi kwanu. Seva ngati imeneyo simafunsa dzina kapena pasiwedi. Imangoyang'ana kumene mukuchokera. Mukakhala pa waya wa ku ofesi imati uyu ndi kasitomala wathu, adutse, monga mlonda wa pageti amatsegulira galimoto ya kampani osafunsa amene ali m'katimo. Lero mwabwera wapansi kuchokera ku Chelstone, pa netiweki ina, mlonda sakukudziwani. Ndipo pali chachiwiri. Port 25 ndi khomo limene ma seva amapatsirana makalata okhaokha. Makampani ambiri a intaneti padziko lonse amatseka khomo limenelo kwa anthu a m'nyumba ndi a pa foni, chifukwa makompyuta ogwidwa ndi mavairasi amatumizira pamenepo maimelo achinyengo zikwizikwi eni ake osadziwa. N'chifukwa chake kuyambira 1998 anapatula khomo lina la anthu ngati inu ndi ine, lomwe ndi 587. Pamenepo umadzitchula dzina, kupereka pasiwedi, ndipo amakulandira kulikonse kumene uli, kaya ku Chelstone kaya ku Chadiza.

Mwale: Ndiye sangauze a IT awo kuti alembetse intaneti ya kunyumba kwawo kuti seva ija iwadziwe?

A Phiri: Pa karauta ka simu sizitheka, mphwanga. Adiresi ya intaneti imene kampani ya mafoni imakupatsa imasinthasintha, ndipo nthawi zambiri adiresi imodzi mumagawana anthu ambirimbiri. Lero alembetsa, mawa yasintha. Komanso ngakhale zikanatheka, si njira yabwino. Imelo ya kampani iyenera kutuluka pa seva ya kampaniyo.

Nabanda: Ndiye ndisinthe chiyani, a Phiri? Ndikuopa kuwononga, Lolemba n'kukapezeka kuti ku ofesi nakonso sikutumiza.

A Phiri: Mantha amenewo ndi abwino. Jambulani kaye ndi foni zonse mmene zilili panopa, tsamba lililonse, kuti zikavuta mubwezeretse. Zithunzizo zikhale mu foni yanu, musaziike pano. Mukatero, pa Outgoing fufutani dzina la kampani ya intaneti lija, mulembe dzina lomwe lili pa Incoming, chilembo ndi chilembo. Kenako mu More Settings, pa Advanced, pamene pali 25 mulembe 587, ndipo pa encryption musankhe STARTTLS. Outlook zina zakale zimangolemba TLS, ndi chimodzimodzi. Mukasintha chonchi idzagwira kunyumba ndi ku ofesi komwe, simudzafunika kubwezanso.

Nabanda: Ndachita. Ndadina Send/Receive. Nambala ija yachoka! Koma maimelo awiri abwerera nthawi yomweyo ndi uthenga wochokera kwa System Administrator, muli mawu akuti 550 ndi relay not permitted.

A Phiri: Musakhumudwe, tapita patsogolo sitepe imodzi. Poyamba simumafika n'komwe pakhomo. Tsopano mwafika, seva yakuyankhani, ikungokana kunyamula kalata ya munthu amene sanadzitchule dzina. Chachitatu chija ndi ichi, ndipo ndi chimene anthu ambiri amaiwala. Mu More Settings momwemo muli tsamba lolembedwa Outgoing Server. Chongani kabokosi ka My outgoing server requires authentication, ndipo pansi pake musankhe Use same settings as my incoming mail server.

Nabanda: Ndachonga. Tsopano kakutuluka kawindo kofunsa pasiwedi. Ndikulemba imene ndimatsegulira laputopu, kakubweranso. Ndayesa katatu.

A Phiri: Imani pomwepo, musayesenso. Ma seva ambiri akaona pasiwedi yolakwika kangapo motsatizana amatseka adiresi ya intaneti imene mukuchokera, ndiye ngakhale kulandira kumaleka kwa kanthawi. Pasiwedi ya laputopu ndi ya imelo si chinthu chimodzi. Koma n'zodabwitsa pang'ono kuti ikufunsa, poti yolandirira inasungidwa kale. Pa User Name palembedwa chiyani, dzina lanu lokha kapena adiresi yonse?

Nabanda: Panali adiresi yonse, koma kawindo katatuluka koyamba ndinafufuta n'kulemba dzina langa lokha monga ndimachitira potsegula laputopu. Ndipo ndinachonga kuti isunge.

A Phiri: Ndiye pasiwedi yakale ija yafufutika, pamalo pake palowa ya laputopu. Si mlandu, aliyense zimamuchitikira. Pa User Name bwezerani adiresi yonse, ndi @ yomwe mpaka co.zm. Pasiwedi ya imelo mukuidziwa?

Nabanda: Ayi. Mnyamata amene amatikonzera makompyuta ndiye anaiika zaka zitatu zapitazo, sanandiuze. Sagwira ntchito kwathu tsiku lililonse, amabwera akaitanidwa.

Mwale: Pali tima pulogalamu timene timaonetsa pasiwedi yobisika mu Outlook. Kapena achemwali nditumizireni ku inbox adiresi ndi zithunzi zija, ndili ndi mnzanga ku Town Centre amene amadziwa zimenezi.

Bambo a Chikondi: Mwale, ndikudziwa ukufuna kuthandiza mlongo wako, koma ayi. Pa gulu lino tinagwirizana kale kuti za pasiwedi, za PIN, za manambala a chitupa cha NRC sitipatsana, ngakhale ku inbox. Ndipo imelo imeneyi si ya Nabanda yekha, ndi ya kampani ya eni ake. Mawa chinthu chikalakwika, adzafunsidwa ndi iye, mnzako wa ku Town Centre sadzapezeka.

Mwale: Ndamva atsibweni, pepani.

A Phiri: Ndipo tima pulogalamu timeneto musatiike pa laputopu ya ntchito, tambiri timabwera ndi zoipa m'kati. Njira ndi imodzi: imbirani mnyamata wanu uja kapena abwana. Amene ali ndi makiyi a kumene imelo ya kampani imasungidwa akhoza kuika pasiwedi yatsopano m'mphindi imodzi. Akuuzeni pa foni ndi pakamwa. Mukailandira, musathamangire ku Outlook. Tsegulani Chrome mulembe dzina la webusaiti ya kampani yanu, kutsogolo kwake /webmail. Makampani ang'onoang'ono ambiri kuno imelo yawo ili pa cPanel, pulogalamu yoyendetsera webusaiti ndi imelo, ndipo tsamba limenelo limatseguka. Lowani ndi adiresi yonse ndi pasiwedi yatsopanoyo. Mukalowa, ndiye kuti pasiwedi ili bwino, komanso invoisi ya ku Kitwe ija mutha kuitumiza pomwepo ndi adiresi ya kampani, Outlook tidzamaliza mtima uli m'malo.

Nabanda: Ndamuimbira, sakuyankha. Ndamulembera uthenga. Malaiti nawo kuno apita, laputopu yatsala ndi 40 peresenti. Ndiizimitsa kaye.

Nambewe: Ndangowerenga zonse panopa, ndinali m'kalasi. Nabanda, pamene mukudikira, pali chinthu chimene chandigwira mtima pa zimene mwalemba. Mwati Incoming yanu ndi POP. Ine POP inandiliza. Ndinkagwira ntchito ku bungwe lina ku Woodlands, maimelo a zaka zinayi onse ali mu laputopu. Tsiku lina ndikutsika basi madzulo, chikwama chinapita. Ndinadzitonthoza kuti maimelo ali pa intaneti, ndikangopeza kompyuta ina ndiwaona. Titatsegula webmail tinapezamo a masabata awiri okha. Ena onse laputopu inali itawakoka n'kuwafufuta pa seva. Malipoti, makalata a opereka thandizo, ma risiti amene ndinayenera kuonetsa kwa owerengera ndalama, zonse. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikupempha anthu kuti anditumizirenso zimene ananditumizira kale, ena n'kumandiyang'ana ngati ndikubisa kanthu. A Phiri, auzeni za IMAP.

A Phiri: Mwachita bwino kuitchula, Nambewe, ndipo masabata awiri amenewo si mwangozi. Mu Outlook, POP imabwera itachongedwa kale kuti isiye kope pa seva kwa masiku 14, kenako ifufute. POP inapangidwa nthawi imene munthu anali ndi kompyuta imodzi pa desiki imodzi: imakoka makalata n'kuwasunga mu faelo imodzi ya .pst pa kompyutapo. IMAP imasiya zonse pa seva, kompyuta ndi foni zimangoonetsa zomwe zili kumeneko. Mukatumiza imelo muli kunyumba, mu Sent ya pa foni ndi ya pa webmail imaonekanso. Nambala yake ndi 993. Kwa munthu wogwira ntchito malo awiri, IMAP ndiye yoyenera. Koma Nabanda, izi musazikhudze lero, ndipo musazichite nokha. Akaunti ya POP simasandulika IMAP pongosintha nambala, imafunika kuikidwa mwatsopano, ndipo faelo ya .pst ija iyenera kukopedwa kaye pena. Komanso malo a pa seva amakhala ndi malire, maimelo a zaka zitatu mwina sangakwane. Zimenezo mukambirane ndi mnyamata wanu uja mukabwerera. Chimene mungachite sabata ino ndi kupempha abwana flash kapena hard drive ya kampani, tikope faeloyo.

A Zulu: Funso langa ndi lina pang'ono, a Phiri. Ife ku ntchito tili pa Microsoft 365. Mnzanga wina anayesa kuika imelo pa pulogalamu yakale ya pa kompyuta ya kunyumba, manambala onse analemba bwino, 587 yomweyo, koma pasiwedi ikukanidwa pomwe pa webusaiti ikulowa. N'chiyani?

A Phiri: Imeneyo ndi nkhani ina. Microsoft inayamba kutseka kalowedwe kakale ka dzina ndi pasiwedi yokha pa Exchange Online, imelo ya Microsoft 365, mu Okutobala 2022, ndipo Google inachita chimodzimodzi pa ma akaunti a Gmail wamba mu Meyi chaka chomwecho. Masiku ano pulogalamu imayenera kukutsegulirani tsamba la Microsoft kapena la Google lenilenilo, mulowe kumeneko, mutsimikize ndi foni, ndiye tsambalo limapatsa pulogalamuyo chilolezo. Outlook yatsopano ndi pulogalamu ina ya imelo yotchedwa Thunderbird zimachita zimenezi zokha, mu Thunderbird mumasankha OAuth2 pa Authentication method. Pulogalamu yakale kwambiri siidziwa njira imeneyi, ndiye imangobweza pasiwedi ngakhale ili yolondola. Pa Microsoft 365 mnzanuyo asavutike ndi manambala, angoika adiresi mu Outlook yatsopano ipeza yokha, kapena alowe pa webusaiti. Ku Gmail kuli chimene amati app password, ya zilembo 16, imene umapangira pulogalamu yakale ngati wayatsa kale kutsimikiza kwa magawo awiri. Koma pa kompyuta ya kunyumba imene ana amaseweretsanso, afunse kaye a IT ngati n'zololedwa.

Mwale: Ine ndibwererenso ku Gmail, osati kukangana koma ndifuna kumvetsa. Mu Gmail muli poika adiresi ina kuti uzitumiza ngati ndiwe wa ku kampani. Ameneyo wolandira aona adiresi ya kampani, si choncho? Vuto lili pati?

A Phiri: Funso labwino. Ukamaika adiresi ya kampani pamenepo, Gmail imakufunsa seva ya SMTP ya kampaniyo, port, dzina ndi pasiwedi. Ndiye zomwe Nabanda akusowa panopa uzisowabe. Ndipo anthu ena amayesa njira yachidule, kulemba adiresi ya kampani pa From koma kutumizira pa seva ina iliyonse imene yawalola. Kale zinkadutsa. Masiku ano mayina ambiri a makampani amakhala ndi kalembera wotchedwa SPF, wonena kuti makalata athu amachokera pa ma seva awa okha, ndipo seva yeniyeni imadinda kalata iliyonse ndi chidindo chotchedwa DKIM. Wolandira amayang'ana zimenezi. Zikapanda kugwirizana, kalata imapita ku Spam kapena kukanidwa. Kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo amenewa. Ndiye iwe umaona kuti yapita, mu Sent ilimo, koma ku Kitwe palibe amene waiona.

Nabanda: Ndikuwerenga pa foni. A Phiri, zimenezi zandikumbutsa. Makasitomala ena akhala akudandaula kuti maimelo anga amawapeza mu Junk, pomwe a abwana amafika bwino. Abwana amatumiza ndi foni.

A Phiri: N'kutheka kwambiri kuti chifukwa chake ndi chomwechi. Foni ya abwana iyenera kuti imadutsira pa seva ya kampani, yanu imadutsira pa seva ya eni intaneti imene mwina sinalembedwe mu SPF. Tikamaliza kukonza, muzifunsa makasitomala aja ngati zasintha.

Nambewe: Ndiwonjezere pa za Gmail ya munthu. Nabanda ali ku akaunti, ndiye m'maimelo ake mumadutsa ma payslip, manambala a NRC ndi a penshoni ya NAPSA a antchito anzake, manambala a msonkho (TPIN) a makasitomala. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Zinthu zotere zikakhala mu akaunti ya munthu payekha, pa foni imene mwana amaonerapo makatuni, kampani singazilondole, ndipo tsiku losiya ntchito zimapita naye.

Nabanda: Wandiimbira! Anali pa ntchito ina ku Makeni. Waika pasiwedi yatsopano, wandiuza pa foni, ndailemba m'kabuku kanga. Ndayatsa laputopu, webmail yatseguka, ndalowa. Ndikuona maimelo a masiku apitawa okha monga ananenera Nambewe.

A Phiri: Tumizani invoisi ija tsopano, batire isanathe.

Nabanda: Ikukana. Invoisi yokha yalowa, koma ndikaika ma delivery note akuti faelo yakula. Ndinawajambula ndi foni, mapepala 9, onse pamodzi ndi 34 MB.

A Phiri: Achuluka. Ma seva ambiri amalola pakati pa 20 ndi 25 MB, Gmail imalola kutumiza 25. Ndipo faelo ikamalowa mu imelo imafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha mmene imakulungidwira, ndiye 34 ija pa waya ikhala yopitirira 45. Ngakhale yanu ikanalola, ya ku Kitwe ikanabweza. Mapepala muli nawo pafupi? Ngati foni yanu ndi Android, mu Google Drive muli Scan, pa iPhone ili mu Notes. Jambulaninso onse 9 akhale PDF imodzi, musankhe yakuda ndi yoyera. Ikhala yaing'ono kwambiri, ndipo zidindo ndi masaini zimaoneka bwino kuposa pa chithunzi. Muipititse ku laputopu ndi chingwe.

A Zulu: Ndipo kwa ife olandira, PDF imodzi ndi yabwino kuposa zithunzi 9 zimene zina zili chadodolido. Dzina la faelo mulembe nambala ya invoisi.

Nabanda: Ndajambula pa tebulo la pakhonde pamene pali kuwala. Yakhala 2 MB ndi pang'ono. Yapita! Mu Sent ya webmail ilimo, nthawi 16:52. Manja akunjenjemera. Zikomo abale, zikomo kwambiri.

Bambo a Chikondi: Tathokoza. Muwaimbirenso a ku Kitwe m'mawa kuti atsimikize.

A Phiri: Tsopano Outlook. Batire yatsala bwanji?

Nabanda: 18.

A Phiri: Ikwana. Tsegulani Outlook. Kawindo kakatuluka, pa User Name adiresi yonse, pasiwedi yatsopano, chongani kuti isunge. Koma musanatero, lowani mu Outbox mufufute imelo ya ku Kitwe yakale ija yokhala ndi zithunzi zolemera, apo ayi iyamba kukankha 34 MB, itseka anzake onse kumbuyo ndi kudya bandulo yanu. Ikakana kufufutika, pa Send/Receive dinani Work Offline, muifufute, kenako mudinenso kuti ibwerere.

Nabanda: Inakanadi, ndachita za Work Offline, yachoka. Ndaika pasiwedi. Tsopano kwatuluka chenjezo lina, akuti seva ikugwiritsa ntchito security certificate imene singatsimikizidwe, target principal name is incorrect. Akufunsa Yes kapena No.

A Phiri: Dinani kaye View Certificate muone dzina limene lalembedwa pa Issued to. Ndi la kampani yanu?

Nabanda: Ayi, ndi dzina lina lalitali, lili ndi mawu akuti server ndi manambala, kenako dzina la kampani ina.

A Phiri: Dinani No. Kawirikawiri izi zimatanthauza kuti imelo yanu ili pa seva imene makampani ambiri amagawana, ndipo chiphaso chake chili m'dzina la eni sevayo. Si chinthu choopsa chokha, koma sindikufuna muzolowere kudina Yes pa chenjezo lotere, chifukwa tsiku lina muli pa Wi-Fi ya pa mall chenjezo lomwelo lidzakhala la munthu wofuna kukuberani pasiwedi. Bwererani ku webmail, mufufuze pamene palembedwa Configure Mail Client. Pali bokosi la Secure SSL/TLS Settings lokhala ndi dzina lenileni la seva ndi manambala. Dzina limenelo likufanana ndi la pa chiphaso lija?

Nabanda: Likufanana ndendende. Koma pa SMTP alemba 465, osati 587.

A Phiri: Tsatirani zawozo, eni seva ndiwo akudziwa. 465 ndi khomo lolondolanso, linavomerezedwa mwalamulo mu 2018. Kusiyana kwake n'kwakuti pa 465 kulankhulana kumabisidwa kuyambira pachiyambi, pomwe pa 587 kumayamba poyera kenako n'kubisidwa pasiwedi isanadutse. Chofunika n'kusasakaniza: 465 imayenda ndi SSL/TLS, 587 imayenda ndi STARTTLS. Mukasemphanitsa, Outlook imangozungulira mpaka kutopa. Lembani dzina lija pa Incoming ndi pa Outgoing pomwe, 995 isiyeni, Outgoing 465 ndi SSL/TLS. Kabokosi ka authentication kakhalebe kochonga.

Nabanda: Outbox yapanda kanthu. Onse atuluka, chenjezo silinabwerenso. Awiri amene anabwerera aja ndawatumizanso. Ndadzitumizira ina ku Gmail yanga kuyesa, yafika mu Inbox, osati mu Spam.

Mwale: Ba Phiri, nalemba zonse m'buku. Ku shopu kwathu laputopu ya abwana imachita chimodzimodzi akapita ku Chongwe, ndiyang'ana Outgoing mawa.

A Phiri: Uyang'ane, koma ujambule kaye mmene zilili usanasinthe, ndipo pasiwedi alembe okha abwanawo. Nabanda, ngati imelo ya ntchito inalinso pa foni yanu kapena pa kompyuta ina ku ofesi, muikemo pasiwedi yatsopano lero lomwe. Chipangizo chimene chatsala ndi yakale chimangogogoda pa seva usiku wonse mpaka seva itseke adiresi ya intaneti imene chikuchokera. Ndipo anzanu ku ofesi amene ali ndi malaputopu ayenera kuti onse anaikiridwa 25 yomweyo, mumuuze mnyamata uja awasinthire.

Nabanda: Pa foni sinalipo. Pa kompyuta ya pa desiki ya ku reception ilipo, ndamuuza mtsikana wa pamenepo aizimitse mpaka mnyamatayo abwere Lachisanu. Ndamulemberanso za IMAP ndi za kukopa faelo ija, wati abwera ndi hard drive.

Nabanda: Mwadzuka bwanji abale. A ku Kitwe ayankha 08:20, alandira invoisi ndi ma delivery note, aiika pa malipiro a sabata ino. Mwana wagona bwino usiku, m'mawa uno wapempha yekha tiyi ndi mbatata.

Bambo a Chikondi: Tayamika Mulungu. Amalize mankhwala onse ngakhale akuoneka kuti wachira. Loweruka tikumana ku Kabwata 14:00 pa za chopereka cha maliro a ku Katete aja, amene simunapereke mubwere nazo.